Dirafuti ya Kanjinga

Lolemba, 3 Juni
Tabwerako kuchipatala. Mwendo wa Kanjinga wanga m'chikhakha mpaka m'bondo. Anagwa pampanda dzulo. Anesi akuti asaponde pansi masabata anayi. Akaponda, fupa ligwirana mokhota, adzatsimphina moyo wake wonse. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, woti ngakhale kuchimbudzi amapita chothamanga! Ndimumange chingwe kodi?

Lachitatu, 5 Juni
Ndamupeza pakhomo akudumpha ndi mwendo umodzi, maso ali kumpira wa anzake. Mtima unangoti phwii. Ndakalipa, walira, nanenso ndalira. Bambo ake pafoni, ali kuntchito kutali uko: "Mupezereni chochita." Kunena n'kosavuta.

Lachinayi, 6 Juni
Nzeru yabwera ndikuchapa. Dirafuti! Sindinasewerepo, ndimangoona azibambo pakhonde la atelala. Katoni ya sopo, rula yake yakusukulu, polishi yakuda ya nsapato. Zitsekerero za mabotolo ndatola kuseri kwa golosale, ndatsuka ndi sopo. Iye wagwira rula, ine kulemba. Tsiku lonse sanafunse za panja. Zala bii.

Lachisanu, 7 Juni
Manyazi! Ndapita nayo kwa atelala kuti andiphunzitse. Aseka mpaka kuvula magalasi. Kani ndinapaka mizere yathunthu, wakuda, woyera, wakuda. "Mayi, iyi ndi dirafuti kapena mbidzi?" Akuti kabokosi kamodzi upake, kamodzi udumphe. Tatembenuza katoni, tayambiranso. Abwera okha kudzamuonetsa Kanjinga. Zitsekerero zake chagada, za mnzake chafufumimba. Chikafika kumapeto uchisanjikize china, ndiye kingi.

Lachiwiri, 11 Juni
Wandidya katatu. "Amayi, inu mumangogawa ngati maswiti." Mwano! Koma mwendo uli pa pilo, phee.

Loweruka, 15 Juni
M'nyumba ana asanu ndi awiri. Mpira ausiya panja wokha. Phokoso ngati pamsika, wina akuti wabera, wina akuti sunaone bwino. Ndangowasiya. Bola asaimirire.

Lolemba, 1 Julayi
Mawa kuchipatala. Kudumpha kwa tsiku lija kukundibwerera. Nanga ngati linakhota pomwepo? Ambuye, mwendo wokhawo.

Lachiwiri, 2 Julayi
LAWONGOKA! Adokotala akweza chithunzi cha fupa pawindo, ine osaonapo kanthu, koma akuti lili bwinobwino. Ndavina pakhonde la chipatala, anthu akundiyang'ana, ndilibe nazo ntchito. Chikhakha achotsa. Kamwendo kowonda, kotuwa. Tsopano akuti aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse kuti kalimbe.

Tafika kunyumba, ndatsegula chitseko chonse. Ndati tiye mwanawe, dziko ndi lako, yenda. Iye wakhala kale pansi, akusewera dirafuti ndi atelala, omwe atitsatira atasiya diresi la mwini pamakina.

"Dikirani kaye amayi, agogowa atsala ndi ziwiri zokha."

Papita ola. Ndidakaima pakhomo ndi nsapato zake m'manja.