Chifuwa Chanu cha Lolemba, Amama

Mayi Loyce Ziba (NyaShaba)
Anabadwa pa 9 Marichi 1968, anatisiya pa 17 Ogasiti 2022

Amama, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Tawerenga, tabwerezanso, zikungokhala zitatu zomwezo, chonsecho m'nyumba muno zimangokhala ngati mwapita ku ntchito ndipo mubwera madzulo. Ndine Towera, mwana wanu woyamba. Ndikulemba m'malo mwa tonse chifukwa Adada akagwira cholembera kuti akulembereni, amangochiikanso pansi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi munasunga mafayilo mu ofesi ija ya pa Boma, m'kachipinda kakumapeto kwa khonde. Munthu akangotchula dzina la mudzi wake, inu munkatambasula dzanja n'kusolola fayilo yake osayang'ana n'komwe. Akuba atathyola zenera la kachipindako, akuluakulu anangolikhomera matabwa, basi linakhala chikhomereni. Denga linkadontha, khoma linada ndi nkhungu, musiling'i munadzaza mileme, ndipo chiswe chikavuta ankapopera mankhwala inu muli momwemo. Madzulo munkafika malaya akununkha mapepala onyowa, ife n'kumati Amama abwera ndi ofesi yonse.

Chimene chimatiwawa mpaka lero ndi kuseka kwathu. Chifuwa chanu chinkayamba Lolemba masana. Pofika Lachitatu maso psuu, mutu ukuwawa, mawu atasasa. Koma Loweruka mukapalasa njinga kukaona mtedza wanu kumudzi, munkabwerako mukuimba nyimbo za amayi a mpingo a Umanyano ngati simunatsokomolepo. Adada ankakunyogodolani kuti chifuwa chanu chimawerenga kalendala, inunso munkaseka nafe mpaka misozi, kenako n'kutsokomola. Alongo anu, asibweni a Louis, analimbikira kuti anzanu akuntchito akukuchitirani nsanje, mpaka tinakutengerani ku mapemphero ku Champhira kawiri konse. Palibe mmodzi wa ife amene anaganizako za chipindacho. Woyamba kufunsa za malo amene munkagwirira ntchito anali dokotala, koma nthawi imeneyo mphumu inali itakufoolani kale. Tinalakwa, Amama, ndipo tikupepesa.

N'zochititsa manyazi kuti sitinazindikire, poti kunyumba munkatiphunzitsa zomwezo tsiku ndi tsiku. Ngakhale mu Juni, mphepo ya ku Mzimba ikulowa mpaka m'mafupa, munkatsegula mazenera onse m'mamawa n'kutikoka mabulangete kuti akaone dzuwa. Tikanyinyirika munkati nyumba nayonso imafuna kupuma. Kuntchito kokha n'kumene munkakhala chete, poopa kuti angakuoneni ngati munthu wovuta. Mwa ana anu enawo, Chawanangwa amakusowani kwambiri, sakonda kuyankhula za inu koma njinga yanu amaipukutabe. Christobel anatengera kuseka kwanu. Kamdzukulu kanu kamene simunakaone tinakatcha Loyce, ndipo n'kamakani kofanana nanu.

Tili ndi nkhani yoti tikuuzeni. Mwezi watha Christobel anakumana pamsika ndi a Lucia, mayi amene analowa m'malo mwanu m'kachipinda kaja. Anali akutsokomola, maso ali ofiira, ndipo anadandaula kuti amuna awo amawanena kuti amadwala masiku a ntchito okhaokha. Adada atamva zimenezi anakankha mbale, sanadyenso. M'mawa mwake anavala jekete lawo lakutchalitchi, anatenga mabuku anu onse akuchipatala, n'kuyamba kupita kwa amuna awo a Lucia aja. Atachoka kumeneko analunjika ku ofesi. Inu mukuwadziwa Adada, munthu wochita manyazi ngakhale kufunsa njira. Koma tsiku limenelo anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka akuluakulu anawaitana, ndipo anawayalira mabuku aja pa tebulo limodzilimodzi.

Matabwa aja anawazula sabata yomweyo, mpweya ukulowa tsopano. Denga sanakonzebe, ndipo a Lucia akadatsokomola. Adada akuti apitanso, ndipo azipitabe kufikira mayiwo atawasamutsa m'chipindamo. Amuna awo a Lucia ndi amene anaperekeza mayiwo kuchipatala, ndipo analonjeza kuti ulendo winawo apita ku ofesiko limodzi ndi Adada.

Inu munalibe wokumverani, Amama, a Lucia ali nafe. Usani mumtendere wa Ambuye. Bola tikupuma, dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.

Amuna anu Hector Ziba. Ana anu Towera, Chawanangwa ndi Christobel. Mdzukulu wanu Loyce. Ndi abale onse ku Manyamula.