Lamya inangolira kawiri

Amayi, kwacha bwanji kumene muliko?

Ndine Kasimu, chisamba chanu. Ndikulemba pang'onopang'ono monga mukundidziwira, pakuti zilembozi ndinaziphunzira nditamera kale imvi, ndipo dzanja silichedwa kutopa. Mundipirire. Nkhani yolemera ilipo, koma ndiyambe ndi zopepuka.

Maliyamu, mwana wanga wotsiriza uja munamusiya akukwawa, wabereka mwana wamkazi. Tamupatsa dzina lanu, Asiyatu. Makutu ndi anu omwe, aang'ono, opindikira m'kati. Kumudzi chinangwa chinaolera pansi chifukwa cha madzi, ndipo mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yanu unagwa ndi mphepo. Mpunga ku Lifuwu unachita bwino pang'ono, kungoti mbalame zinadya gawo lawo. Usipa wasowa. Ine miyendo inatupa, moti Maliyamu ananditenga kuti ndizikhala naye ku Salima pa boma, kufupi ndi chipatala. Inde amayi, ndikukhala pakhomo pa mkamwini, munthu wamkulu ngati ine. Ndikudziwa mmene mukanapukusira mutu. Koma a Twaibu ndi munthu wabwino. Amagula mpunga ku Lifuwu n'kumagulitsa kwa eni masitolo ku Lilongwe, ndipo sanandiyang'anepo ndi diso loipa.

Tsono nkhani ija ndi iyi. Mng'ono wanga Jafali, mwana wanu wachiwiri, watisiya. Ngati wafika kale kumeneko ndiye kuti mwaonana. Chimene iye sakudziwa n'chakuti ine ndinalephereranji kufika, ndiye ndikuuzani inu kuti mumufotokozere bwino, pakuti inu amakumverani.

Mukukumbuka zimene munkatiuza tikadali anyamata, mukupala nsomba pakhonde? Munkati, "Bambo anu anakwiriridwa ku Halale ndi anthu osadziwa n'dzina lawo lomwe. Inu awiri zimenezo ayi. Wotsala adzalowe yekha m'manda, alandire mnzake ndi manja ake, amugoneke bwino." Munabwerezanso mawu amenewa sabata imene munamwalira. Ine ndi Jafali tinkasekana nazo. Iye ankati, "Achimwene, inu ndiye mutsogole, chifukwa mukatsala mudzafika anthu atamwazikana kale." Ankatero podziwa kuti inu munkanena kuti Kasimu amayenda ngati wasenza mazira pamutu.

Chifuwa chinamugwira Jafali mvula itayamba. Ndinapita kukamuona kumudzi, kumunsi kwa Khombedza, ndipo ndinafuna kukhala komweko, koma iye anandithamangitsa. Anati miyendo yanga ikufuna chipatala, ndiponso m'nyumba imodzi odwala awiri sakwanamo. Ndiye tinapangana ndi mwana wake Yusufu, amene tsopano ndi bambo wa ana ake, kuti zikavuta athamangire pa Khombedza, pali kanyumba koimbirapo lamya, aimbe kunyumba kwa a Twaibu. Ine ndinasankha mpando wa pabalaza, ndipo tsiku lililonse ndinkakhala pamenepo, khutu lili ku lamya.

Nthawi yomweyo ndi imene a Twaibu anabweretsa kompyuta. Ndi chinthu chokhala ndi galasi ngati wayilesi ya kanema, amalemberapo za malonda awo. Pambali pake anaikapo kabokosi kakang'ono ka timagetsi tofiira, dzina lake modemu. Anandifotokozera kuti kabokosi kameneka kamalankhulitsa kompyuta pa waya wa lamya, kuti wa sitolo ku Lilongwe akalemba papepala matumba amene akufuna, chithunzi cha pepalalo chizifika m'nyumba mwathu nthawi yomweyo. Zimenezo amati fakisi. Ndinati, "Apongozi, pepala lidutsa bwanji m'kawaya aka?" Anaseka, nati, "Ababa, inenso musandifunse. Bola lifike."

Silinafike msanga. Masiku oyamba kompyuta inkangonena kuti pa waya palibe mawu. A Twaibu anagwada pansi, thukuta kamukamu, mpaka anapeza kuti kuseri kwa kabokosi kuli timabowo tiwiri tofanana, kena ka waya wochokera kukhoma, kena ka waya wopita ku lamya, ndipo iwo anasinthanitsa. Atakonza zimenezo, kompyuta inakana kukazindikira kabokosiko. Akuti pankafunika kadiski kake, kambale kakang'ono kolowetsa mu kompyuta, ndipo wogulitsa anaiwala kuikamo. Kanabwera patapita masiku, m'thumba la kondakitala wa minibasi. Panali mnzawo wina ku Lilongwe wodziwa zinthuzi, koma waya m'nyumba ndi umodzi, ndiye kuti amufunse ankayenera kusiya kabokosi, ndipo kuti ayese zimene wawauza ankayenera kumudula. Ankaimba, kudula, kuyesa, kuimbanso. Maliyamu, mimba ili apo, ankaima pakhomo n'kumauza mwamuna wake kuti, "Bambo a Rashidi, mkazi wachiwiriyu ndiye mwamupeza wovuta. Ine simunandigwadirepo chonchi."

Kenaka kabokosi kanayamba kulira. Amayi, kulira kwake sindinakumvepo kwina. Kamayamba ngati nyenje za m'chilimwe, n'kutsirizira ngati nsomba yaiwisi yoponyedwa m'mafuta otentha. A Twaibu anaomba m'manja. Koma mvula ikagwa mapepala ankafika theka, zilembo zili ngati mopalasa nkhuku. Anatsata waya mpaka panja, napeza polumikiza pena pakulowa madzi, napakulunga ndi mphira. Zitatero zinayamba kuyenda.

Panatsala zinthu ziwiri, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Choyamba, wa sitolo wina anadandaula kuti akatumiza pepala a Twaibu ali ku Lifuwu, palibe wolilandira. Ndiye mnzawo uja anawaphunzitsa kutchera kabokosi kuti lamya ikalira kawiri kaziyankha kokha. Chachiwiri, akuba anathyola nyumba yoyandikana nafe, ndiye a Twaibu anasamutsira kompyuta ndi kabokosi kuchipinda kwawo kogona. Waya unadutsa pansi pa chitseko, lamya inatsala pabalaza. Iwo sanaganize zoti kabokosi sikasiyanitsa pepala ndi munthu. Ine sindinafunse, pakuti sindinkadziwa kuti pali chofunsa.

Tsiku limene Maliyamu anayamba kumva m'mimba, a Twaibu anapita naye kuchipatala, ana anawapereka kwa agogo awo akuchimuna. M'nyumba ndinatsala ndekha. Magetsi kuno amazima pafupifupi tsiku lililonse, koma tsiku limenelo sanaphethire n'komwe. Dzuwa litapendeka lamya inalira. Ndinagwira ndodo, ndinadzuka. Inalira kachiwiri, n'kukhala chete. Pofika ine n'kuinyamula, munalibe kanthu, zii, koma kuchipinda nyenje zija zinali zitayamba. Ndinati ndi anthu a mpunga. Inaliranso, chimodzimodzi. Inaliranso. Ndinabwerera pampando n'kunena ndekha kuti a ku Lilongwe lero alimbikira, a Twaibu apeza mwayi. Amayi, ameneyo anali Yusufu. Nthawi imeneyo Jafali anali akupumabe, ndipo ankandifunsa.

A Twaibu sanabwere, anagona pakhonde la chipatala. Kutacha ndinkachokera kosamba, ndipo njira yake imadutsa pa chitseko cha chipinda chawo. Lamya inalira kawiri ndili pomwepo. Kabokosi kaja kali ndi pakamwa pake, kamatulutsa zimene zili pa waya. M'kati mwa kulira kuja ndinamva mawu a munthu, aang'ono ngati akuchokera m'botolo. "Halo! Halo! Abambo aakulu! Abambo aakulu, ndine Yusufu!" Ndinakuwa, "Yusufu, ndili pano! Lankhula mwana wanga!" Iye sankandimva. Ndinakokera miyendo ku lamya, munali zii. Ndinabwereranso pa chitseko.

Chitsekocho sichinali chokhoma. Dzanja langa linafika pa chogwirira. Koma inu munatilera kuti mwana wamkazi akakwatiwa, bambo ake sapondako kuchipinda kwake. Munkati, "Ngakhale muone utsi, itanani anthu, inu muime panja." Chibadwire sindinaonepo mphasa ya mwana wanga ndi mwamuna wake. Ndinaima pamenepo, mwendo ukukana. Ndipo kunena zoona, ngakhale ndikanalowa, sindikudziwa chimene ndikanagwira, mawaya anali ambiri. Mawu aja anaitananso kamodzi, n'kuzimirira. Kabokosi kanalira pang'ono, nako n'kuleka.

Sindinadikirenso. Munthu saimba m'mawa chotero kuti anene kuti wodwala wadya phala. Ndinaitana mayi woyandikana nafe, Nachisale, ndinamusiyira kiyi. Anandiyang'ana kumiyendo, nati, "Agogo, mufika koma?" Ndinati ndifika. Minibasi ya ku Khombedza ndinaipeza ili ndi anthu ochepa, ndipo mukudziwa siinyamuka isanadzaze. Ndinapempha dalaivala, ndinati kuli matenda aakulu. Anati, "Madala, aliyense muno ali ndi matenda ake." Tinakhala. Dzuwa linakwera. Pa Khombedza ndinakwera njinga ya kabaza, miyendo ikulendewera ngati si yanga, ndipo pa dambo paja madzi anali atadzaza, tinawoloka wapansi.

Ndisanafike pa mzikiti ndinaona amuna akubwera mumsewu, matope ali m'mapazi. Anayi anali atanyamula jeneza, chonyamulira maliro chija, pamapewa. Linkapepuka, amayi. Munthu umadziwa ndi mayendedwe awo kuti mulibe kanthu.

Yusufu anandigwira ndisanagwe. Tinakhala pansi m'mbali mwa njira, ndipo anandiuza zonse. Anati, "Abambo aakulu, dzulo ndinaimba mpaka mwini kanyumba anatopa nane. Lamya yanu imangondilirira m'khutu. Iye anati imeneyo ndi fakisi, kulibe munthu kumeneko. Ndinafuna kukwera minibasi, koma abambo ndikanawasiya ndi ndani?" Akuti atabwerera kunyumba, Jafali anatsegula maso n'kufunsa, "Achimwene afika?" Yusufu anati ali m'njira. Jafali anamwetulira, nati, "Asenza mazira amenewo. Muwadikire." Anapuma komaliza kusanache. M'mawa Yusufu anaimbanso, ndi nthawi ija ndinamumva, kenaka anatuma munthu pa minibasi, ndipo tinaphonyana panjira. A shehe anadikira ndithu kupyola swala, pemphero la masana lija, koma mitambo inali itachita bii, madzi ayamba kulowa m'manda, ndipo kwathu kuno maliro sagonetsa. Amene analowa m'manda kukamulandira ndi Yusufu ndi anzake awiri a Jafali a kunyanja. Si alendo ayi, dzina lake ankalidziwa. Koma sanali manja amene inu munanena.

Anandiperekeza kumanda. Dothi linali lofewa. Ndinagwada, ndinalowetsa dzanja mpaka m'chigongono, poti ndi pamene ndikanatha kufika. Ndinachita duwa, kumupempherera. Zina ndinalankhula naye, zimenezo akuuzani yekha.

A Twaibu anabwera tsiku lotsatira, ndi nkhani ya mwana wobadwa kukamwa, koma anaiwala kuinena. Anagwada patsogolo panga, munthu wa ndevu zake, misozi ili chuchuchu. Anati, "Ababa, ndakuphetsani ndi manyazi. Ndinkaganiza za mpunga basi." Ndinawadzutsa. Ndinati, "Apongozi, simunaphe munthu. Dzukani, anthu akuona." Sindinawasungire kanthu kumtima, amayi, ndipo Jafali asawasungire. Mlandu ndikausaka ndimaupeza paliponse pang'onopang'ono, pa kabokosi, pa akuba, pa mvula, pa miyendo yanga, pa chitseko. Palibe pamene ukukwana kuti ndiugwire.

Titabwerera ku boma, a Twaibu anatulutsa zonse kuchipinda n'kuziika pabalaza, akuba kaya abwere. Kabokosi anakamasula, sikayankhanso kokha. Anandigwira dzanja n'kundionetsa waya wake, anaumanga kansalu kofiira kuti ndisasokoneze. Anati, "Kakadzachitanso mwano, zulani uwu." Ndaphunzira. Ndimatha kuzula ndi kubwezera, ndipo ndikudziwa bowo la kukhoma ndi bowo la lamya. Tsopano lamya imalira nthawi yaitali, mpaka ine wa mazira ndimafika n'kuinyamula. Amakhala anthu a mpunga.

Pa mimba yanu ndatsala ndekha. Mvula ikatha ndibwerera kumudzi, a chipatala anene zimene anganene. Sindikufuna kuti uthenga wanga udzayende pa waya. Ndikakhala m'nyumba ya Jafali, ndikadzala mango ena pamene panagwa anu, ndipo sadaka yake ndikaiyendetsa ndekha, imeneyo sindichedwako. Yusufu ndamuuza kale malo odzandigoneka, pambali pa bambo ake, mbali ya kunyanja.

Tsono mumuuze Jafali kuti pangano lija silinafe, langotembenuka. Ine ndinalephera kumulandira kuno. Iye ndiye ali pansi kale, adzatambasule manja andilandire. Andidikire ndithu, asatope. Ndikubwera, mayendedwe ake ndi omwe aja.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Kasimu