Njuchi za m'kabati yapakona

Lolemba, 9 Okutobala 2023

Kutentha. Dowa yemwe amati ndi wozizira uja, lero ayi ndithu. Fumbi mpaka m'mano.

Koma nkhani yabwino. A ku Zomba, kosungira mapepala akale a boma, ayankha. Galimoto yawo ibwera Lachinayi la sabata yamawa kudzatenga mafayilo athu akale. Bwana atandiuza ndangoti zikomo mwaulemu, koma nditalowa m'chipinda cha mafayilo ndavina pang'ono. Mayi wamkulu ngati ine! Ndinayamba kupempha zimenezi mwana wanga Luckness ali ku pulayimale, lero ali ndi wake kumsana.

Disembala ndikupuma pa ntchito. Ukalaliki wa mafayilo wandikwana. Ndikufuna ndisiye zinthu zili m'malo mwake. Denga la chipindacho linabooka kale, mvula ya chaka chino mapepala aja sangaipirire.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Kwabwera Mayi Susana a ku Zomba kudzaona tisanalongedze. Wamng'ono msinkhu koma maso akuthwa. Milu itatu, atero. Mafayilo ogwirabe ntchito atsala. Opanda ntchito adzawotchedwa, koma pokhapokha iwo ndi bwana atasainirana. Ofunika mpaka kalekale apita ku Zomba. Mapini onse tichotse, dzimbiri limadya pepala. Timange ndi chingwe cha thonje, katoni iliyonse nambala yake.

Zonse bwinobwino mpaka ataloza kabati yapakona. Ati, "Nanga umo muli chiyani?" Asanamalize anamva okha kulira kwake. Njuchi. Zinalowera pa galasi losweka la windo kale kwambiri, n'kukhazikika. Chilowereni sindinatsegulemo. Ndipo m'menemo ndi mmene muli mafayilo akale kuposa onse, a malire a midzi ndi minda, ena a nthawi ya atsamunda.

Anabwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Mawu awo: "Zimene sizikhala m'katoni Lachinayi zitsala, Mayi Faines. Galimotoyi ikuzungulira maboma ambiri, sindikudziwa idzabweranso liti kuno."

Ndiye kuti zabwino zenizeni n'zimene zitsale? Ayi. Ndakana.

Lachinayi, 12 Okutobala

Tsiku lonse kuzula mapini. Zala zafiira ndi dzimbiri, chikhadabo chimodzi chathyoka. Koma ntchito yokoma, wailesi ikulira pansipansi.

Chondiwawa n'chakuti mafayilo a pamashelefu apyapyala. Lina chikuto chokha, m'kati mbee. Ndikudziwa kumene anapita. Uyu kung'amba kapepala kokulungira zitumbuwa, uyu koyatsira mbaula, zaka ndi zaka, ine ndikangotembenuka. Tsiku lina ndinagula mtedza pamsika wokulungidwa m'pepala la chidindo cha ofesi yathu. Ndinadya, nanga n'kutaya?

A Langton, mesenjala wathu, abwera ndi nzeru zawo. "Mayi, njuchi mankhwala ake ndi moto. Muuni umodzi basi, uchi tigawana." Ndawayang'ana. Moto, m'chipinda chodzaza mapepala ouma gwa, mwezi wa Okutobala! Ati kwawo ku Madisi amafula choncho chibadwire. Ndati kwanuko mumafula mumtengo, osati mu ofesi ya boma. Aseka. Munthu wabwino, koma mutu ukamva uchi umaleka kugwira ntchito.

Shuga wakweranso mtengo. Tiyi wa lero dzina lokha.

Lachisanu, 13 Okutobala



Masana ndinapita kukagula chinangwa. Pobwera ndinadzera kuseri kwa ofesi, sindikudziwa chinandikoka n'chiyani. Ndikupeza a Langton ndi alonda ali pawindo paja, mtolo wa udzu m'manja, machesi atatulutsa kale. Akuti alowetse muuni pa galasi losweka, utsi uthamangitse njuchi, andidabwitse!

Ndinakuwa mpaka amayi ogulitsa nthochi kumsewu anaimirira. Zimene ndinanena sindilemba muno, Mulungu andikhululukire, ndine wa Chigwirizano. Udzu ndinalanda. Machesi ndinalanda. A Langton ati, "Timafuna kukuthandizani, Mayi." N'zoona, ndipo n'chimene chikundiopsa.

Bwana ati ngati zavuta, kabatiyo itsale, tisaphe munthu chifukwa cha mapepala. Ndapempha andipatse mpaka Lolemba, poti ndi holide ndipo pa ofesi padzakhala popanda anthu. Avomera.

Ndaimbira alongo anga a Elifala ku Ntchisi, amene amaweta njuchi m'mphepete mwa nkhalango. Anayamba aseka kaye mpaka mayunitsi anga kutsala pang'ono kutha. Kenako ati abwera.

Lamulungu, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. Luckness wanditumizira chitenje chobiriwira, ndavala kutchalitchi, amayi anzanga achigwiragwira. Mdzukulu wandiimbira nyimbo pafoni, mawu osamveka koma ndalira.

A Elifala afika madzulo pa njinga yamoto, mng'oma atamangirira kumbuyo. Adya ngati abwera wapansi. Tapita kukasuzumira pawindo. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, ine ndikuwafulumiza. Ati kuona maso a nkhono n'kudekha, mlongo. Kenako andipempha neti ya udzudzu. Yanga ya pabedi! Lero ndigona ndi udzudzu chifukwa cha boma.

Lolemba, 16 Okutobala

Zatheka! Ndilembe bwino ndisadzaiwale.

M'mamawa kusanatenthe, njuchi zikadali zaulesi. A Elifala anakuta kabati yonse ndi neti, n'kumanga pansi ndi chingwe. Ati sitifulira muno, tinyamula nyumba yonse. Onyamula a Elifala, alonda ndi a Langton, amene anabwera okha osaitanidwa, ine wotsegula zitseko. Kulemera kwake! M'kati zikulira ngati chigayo. Pang'onopang'ono mpaka pansi pa mtengo wa mango kuseri, kutali ndi chipinda.

Kumeneko ndiye utsi, koma wa m'kachitini kotseka, ka zitsononkho, moto osaonekera kunja. Anadula malesa limodzilimodzi n'kuika mumng'oma. Atapeza mfumukazi yake n'kuilowetsa, zinzake zinayamba kutsatira zokha. Ine ndinaima patali, chitenje kumutu.

Imodzi inapeza a Langton pamlomo. Watupa ngati bondo. Ndinayesetsa kusaseka, ndinalephera.

Njuchi zinamanga m'shelefu yapamwamba yokha. M'munsi monse mafayilo ali ndi, omangidwa ndi tizingwe tawo takale. Angapo adontheredwa uchi pachikuto, ena phula m'mbali. Koma onenepa, athunthu. Ndinatsegula limodzi, masamba onse alimo kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Lachiwiri chimodzimodzi. Palibe anang'ambapo ngakhale kakona. Ndani akanayerekeza kupisamo dzanja?

A Elifala ati, "Mlongo, boma limalipira alonda olakwika." Alonda athu sanaseke.

Ndinakhala pansi pa mango paja, fayilo pamiyendo, misozi. Chimwemwe chenicheni.

Lachinayi, 19 Okutobala

Apita.

Masiku awiri apitawa sindinalembe, ndinali kupukuta uchi ndi kansalu kouma ndi kuzula mapini mpaka maso kuchita mdima. Mayi Susana ananunkhiza katoni imodzi n'kuseka, ati odontheredwawo akawasamalira mwapadera kuti nyerere zisawapeze. Anawerenga makatoni, ndinasaina, anasaina, bwana anadinda. Mayi Susana ati ku Zomba mafayilo akakhala m'chipinda chouma, ndipo aliyense wofuna kudziwa malire akale akhoza kukapempha kuona, ngakhale ife tonse titapita.

A Langton ndi amene anakweza katoni yomaliza, mlomo utaphwa pang'ono. Galimoto itakhota pamsika ndinaibayibitsa ngati muli m'bale wanga.

Uchi tagawana ofesi yonse. Wanga ndadyera chinangwa. Mng'oma a Elifala anapita nawo ku Ntchisi, ati zafika bwino ndipo zayamba kale ntchito.

Lachitatu, 1 Novembala

Mvula yoyamba, yamphamvu, fungo la dothi mpaka mu ofesi. Ndinathamangira kuchipinda mwachizolowezi, beseni m'manja. Madzi akudontha pobooka paja, akugwera pa simenti yopanda kanthu. Ndinaima n'kumangoonerera. Adonthe!

Kabati tinaibwezera pamalo pake, yopanda kanthu. Itakata mvula ndinamva kulira. Tinjuchi tochepa, totsalira tsiku lija, talowanso pa galasi losweka. Tikuzungulira kabati, kulowa, kutuluka, kulowanso.

A Langton anasuzumira pakhomo. "Zopusa izi, Mayi. Mwatsala chiyani m'menemo choti zizilondera?"

Ndinati ndiwayankhe. Kenako ndinaona chimene chinali m'dzanja langa. Kiyi. Chichokereni galimoto ija, madzulo alionse ndakhala ndikukiya chipinda chopanda kanthu, n'kugwedeza loko kawiri.

Ndawauza a Langton kuti azisiye njuchizo.

Lero ndakiyanso.