Ababa akwera siteji

Gertrude 10:42
achimwene, adokotala ati chani za BP ya ababa?

Greyson 10:58
tikadali pa mzere. anthu ngambiri

Gertrude 11:01
nanga bwnj pa status ya Enifa wa kwaya ndikuona chipewa cha ababa pafupi ndi ma speaker?

Greyson 11:15
zipewa zimafanana achemwali

Gertrude 11:15
ndi jekete lomwe ndasita ndekha mmawa?

Greyson 11:19
ok musakwiye. kuchipatala tapita, mankhwala ali mthumba. pobwerera tapeza festival pa ground ku Chileka kuno. ababa angomva gitala, auza driver aime. ndikanatani ine

Gertrude 11:20
munthu wa zaka 84 pa dzuwa la October ili?? bwerani kuno ku Lirangwe pompano. amayi akufunsa

Greyson 11:21
akuti nyimbo imodzi basi

Gertrude 12:05
nyimbo imodziyo sinathe?

Gertrude 12:20
[missed call]

Gertrude 12:21
GREYSON

Greyson 12:33
musadandaule koma ababa sindikuwaona

Gertrude 12:33
mwati chani

Greyson 12:34
ndinapita kukagula madzi. pobwera ndapeza ndodo yokha

Gertrude 12:34
munthu woyenda ndi ndodo wakuthawani opanda ndodo. Ambuye ndithandizeni

Greyson 12:51
apezeka. ali kuseri kwa siteji akukalipira anyamata a band

Greyson 12:52
akuti nyimbo imene aimba ija ndi yawo, anaipeka okha 1961 nthawi ya chitaganya. akuti anyamatawa akuithamangitsa ngati aba mbuzi

Gertrude 12:53
ababa ake ati? mkulu wa mpingo? omwe anandikwapula ine chfkw chovina pa chinkhoswe?

Greyson 12:55
omwewo. akuti ankaimba banjo mmadansi mpaka ku Lunzu, apolisi akabwera ankathawira mchimanga. ineso ndikumva lero

Greyson 13:02
eee awapatsa banjo

Greyson 13:03
achemwali MC watchula dzina. akuti a Mailosi ochokera ku Lirangwe. anthu anayi awanyamula kuwakweza

Gertrude 13:03
atsitseni!!

Greyson 13:06
kkkk atangoyamba kwadutsa ndege. asiya kuimba, aiyang'ana mpaka yapita, kenako pa mic akuti "watha mwanawe?" ground yonse yagwa ndi phwete

Greyson 13:11
[voice note 1:48]

Greyson 13:12
mverani zala zimenezo. mmawa zimakanika kumanga batani

Gertrude 13:16
ndatsegula pa loud. amayi anali pompa akusankha nyemba

Gertrude 13:16
Mwanahawa ndi ndani?

Greyson 13:17
ndani?

Gertrude 13:17
mverani bwino chorus. "Mwanahawa tsegula zenera tithawe". amayi dzina lawo ndi Salome

Greyson 13:18
mayo ine

Gertrude 13:19
asiya lichero pansi, alowa kuchipinda, atseka chitseko

Greyson 13:20
mwina ndi dzina longopeka

Gertrude 13:20
longopeka akulitchula ka 9? ndawerenga

Greyson 13:22
vuto ndi loti panopa ground yonse ikuimba Mwanahawa. ngakhale ogulitsa chips

Gertrude 13:23
alandeni mic

Greyson 13:24
ndayesa kukwera, security yandibweza. ndati ndi bambo anga, akuti aliyense pano akutero

Gertrude 13:25
ukwati wa zaka 60 mwaupasula inu ndi festival yanuyo. akafuna kupita kwao amayi muwaperekeza ndinu

Greyson 13:26
kwao kuti? ine sindinapiteko chibadwire

Greyson 13:40
atuluka?

Greyson 13:52
achemwali

Greyson 14:03
ababa atsika. thukuta thupi lonse koma akuseka. ndawauza kuti amayi amva. akungopukuta chipewa

Greyson 14:04
ndayamba kuopa. yankhani pls

Gertrude 14:17
atuluka

Gertrude 14:18
avala mpango wina sindinauonepo, unali pansi pa sutikesi. akuti nditsegulenso voice note

Gertrude 14:22
achimwene amayi akuvina. pakhonde. nkhuku zathawa

Greyson 14:22
??

Gertrude 14:25
Mwanahawa ndi iwowo. la Salome anapatsidwa pobatizidwa. akuti amalume awo anakana woimba banjo, ndiye anatulukira pa zenera ndi mpango umenewu basi

Greyson 14:26
zaka zonsezi osatiuza!

Gertrude 14:27
akuti tinafunsa liti

Greyson 14:29
ndawawerengera ababa. akulira. MC akufuna abwerenso 3 koloko aimbe kachiwiri. ndikane?

Gertrude 14:33
amwe kaye mankhwala, akhale pa mthunzi

Gertrude 14:34
amayi akuti aimbe. koma aimbe yonse, asadumphe vesi yachitatu ngati achitira muja

Greyson 14:36
ababa akuti nyimboyi ilibe vesi yachitatu

Gertrude 14:37
akuti ilipo. ya makina osokera amene anawalonjeza ali pa zenera paja

Gertrude 14:37
akuti akudikirabe