TV ya Alamu Yatulutsa Utsi

Mayi a ana,

Musadzidzimuke ndi fungo la mphira pabalaza, nyumba sinapse. Yapsa ndi TV ija anatitumizira achimwene anu kuchokera kunja. Mtima unandikana kudikira Loweruka monga tinapangana. Pulagi yake imakana kulowa pakhoma, ndiye ndinaidula n'kusomeka mawaya. Inangoti phuu! Utsi tolo, magetsi nyumba yonse n'kuzima.

Ndaimbira wokonza mawailesi uja, wayamba n'kundiseka. Akuti kwa alamuko magetsi ndi a 110, athu kuno mphamvu yake ndi yowirikiza. Ngakhale kathamangidwe kake n'kosiyana, moti TV-yo ikadzuka chithunzi chikhoza kumanjenjemera. Ndathamangira nayo kwa wokonzayo asanatseke. Ndaikulunga m'bulangete lanu latsopano, pepani.

Tsegulani mawindo. Mawaya ndazula, koma ana asayandikire soketi ija. Kwezani swichi yaikulu, nyama ingawonongeke m'firiji. Alamu akaimba pavidiyo, chonde foni isaloze kukhoma.

Chinanso, kachitsulo kolemera kanali m'katoni kaja, kamene ndinati n'kachabechabe n'kutchingira chitseko cha kubafa, kachotseni mukapukute bwinobwino. Wokonzayo akuti ndi kamene kamatsitsa mphamvu ya magetsi.

Ndine wanu wopupuluma uja.