Fulashi yanu munaikhoma, achimwene

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Muli bwanji, nanga alamu ndi ana? Ife tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Mwafunsa ngati abambo anakusiyirani mawu asanatisiye. Anasiya, achimwene, mphindi khumi ndi ziwiri zathunthu.

Lachitatu lawo lomaliza anadzuka ndi mphamvu m'chipatala muja, nati akufuna kulankhula nanu mukuwaona nkhope. Foni yanga mukuidziwa, ndi ya mabatani. Ndinapempha mayi wina amene ankadwazika mwamuna wake pa bedi loyandikana, iye n'kuwajambula kanema pa foni yake. Kanemayo anakula, anakana kutumizika. Mwamuna wakeyo anali atatulutsidwa kale, galimoto ikudikira pageti.

Ine ndi mayiyo tinathamangira kwa mtsikana wa fotokope kuti aike kanemayo mu fulashi munatumiza ija, yodzaza ndi zithunzi za nyumba yanu yatsopano. Kompyuta inakana, ati fulashiyo ndi yokhoma, kuonamo ikulola koma kuikamo kanthu ayi. Mtsikana anaizula, kuiuzira, kuilowetsa pabowo lina, kuyesa kompyuta ina, koma ayi ndithu. Ndinamuuza kuti angofufuta zonse, nyumba yanuyo ndi mpanda wake womwe. Zimenezonso inakana!

Mtsikanayo anasunga kanemayo pa kompyuta yawo kuti ndibwere mawa lake ndi fulashi ina. Mawa lakelo tinali pa maliro. Nditapitako patatha sabata ziwiri, ndinapeza abwana ake atafufuta zonse za makasitomala, monga amachitira Loweruka lililonse. Nambala ya mayi uja sindinatenge, mutu sunali kugwira tsiku limenelo. Pamenepo ndinalakwa ndine, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Dzulo ndinapita nayo kwa wokonza mafoni. Anangoitembenuza kawiri, n'kundionetsa kabatani kam'mbali, kochepa ngati kambewu ka mpunga. Anakakankha ndi chikhadabo, basi yatseguka. Anati kabatani kameneka sikayenda kokha, amakankha ndi mwini wake.

Ndiye munaikhoma ndinu eti? Munaopa kuti ife osaphunzirafe tingakufufutireni makatani ndi mipando yanu yofewa? Musade nkhawa, zonse zilimo, palibe chithunzi chasowa. Cha abambo ndiye mulibe ngakhale chifuwa chawo.

Tsopano amene anamva zimene ananena ndatsala ndekha. Anakutchulani dzina lanu laubwana katatu. Zinazo sindilemba m'kalata, ndipo musavutike kuimba, pa foni sindinena. Pa matenda simunabwere, pa maliro munati tchuthi chavuta. Mukafuna mawu a bambo anu, bwerani mudzakhale pamanda pawo, ndidzakuuzirani pomwepo. Fulumirani, chifukwa ena ndayamba kale kuiwala.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti akupatseni moni, iwo sakudziwa za kabatanika. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Wotsala ndi amayi