Dzanja Lamanzere la Bwana Rodney

Lolemba, 7 Seputembala 2020

Ndege zayambanso kutera ku Lilongwe. Tikiti ndapeza, Lachisanu pa 18. Theresa wanga mwezi wake ndi uno, mimba yoyamba. Womudikirira ku chipatala ndiyenera kukhala ine mayi wake, osati apongozi ake aja olankhula ngati wailesi.

Chatsala ndi pasipoti. Ili ku ejensi yomwe inandipezera ntchito, ku Al Qusais kuno kwa Aluya, ndipo saitulutsa popanda siginecha ya bwana pa fomu. Fomuyo ndaiika pa tebulo, pafupi ndi kapu yawo ya khofi. Bwana Rodney: "Mawa, Stellah, inshallah." Mzungu wa ku America, Chiarabu chimene amachidziwa ndi mawu okhawo, ndipo amawatulutsa akafuna kukana.

Madamu, akazi awo, anatsekeredwa kwawo ndi korona chiyambire Malichi. Ine ndikachoka, mbale atsuka ndani? Nkhani yagona pamenepo, tisanamizane.

Lachitatu, 9 Seputembala

Bwana ali pa ntchito yaikulu. Akusankha kachitsulo ka mfuti. Mfutiyo siili kuno ayi. Ili ku America m'kabati ya achimwene awo, zaka zitatu osaigwira.

Andionetsa pa kompyuta. Akuti zipolopolo zikatha, chitsulo cham'kati chimaima chotsegula, ndiye ukaika zina umakanikiza kabatani kuti chitseke. Kabataniko kali mbali imodzi yokha. Iwo akufuna ka mbali zonse, koti dzanja lililonse lizifikira. Amakatchula kuti ambi.

Ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani, popeza iwo si amanzere. "Nanga lamanja likavulala pa nkhondo?" Nkhondo! Munthu woti phukusi la chakudya likafika pakhomo amathawira kuchipinda, n'kundituma ine ndikalipopere mankhwala.

Tizitsulo tilipo tiwiri. Kena kali ndi mchira wopindika, umangokamanga ndi sikuluwu. Kena kali ngati khutu la mbewa, koma kameneko mpaka kusintha thupi lonse la mfuti. Ine ndatitcha Kamchira ndi Kakhutu.

Fomu yathimbirira ndi khofi. Ndasindikiza ina.

Loweruka, 12 Seputembala

Ndagwidwa. Ndimasenda mbatata ndi lamanzere, ndimayesa bwana ali m'bafa. "Stellah, ndiwe wamanzere!" Kukondwa kwake ngati madamu abwera. Ine manyazi okhaokha.

Zaka makumi anayi ndikulibisa dzanja limeneli. Sitandade 1 ku Mponela aphunzitsi ankalimenya ndi rula mpaka zala kutupa. Kunyumba amayi ankalimanga ndi chitenje nthawi ya chakudya. Kupatsa munthu wamkulu chinthu ndi lamanzere, kwathu ndi mwano wotheratu. Kuno kwa Aluya n'chimodzimodzi. Lero ndiye lapeza ntchito.

Andigwiritsa mopu. Ndodo paphewa, tsaya pa ndodo, kuloza firiji. Pambali amata chitsekerero cha botolo ndi selotepi, ndiye kabatani kameneko. "Chala chafika? Usachotse diso pa mdani." Mdani wake firiji. Mayi wa Chigwirizano ine, zaka 46, ndikuwombera mkaka ndi mazira.

Ndinatchula za fomu. Akuti titsirize kaye izi.

Lamulungu, 13 Seputembala

Theresa waimba. Miyendo yatupa, sakugona. Ndamuuza zoika m'chikwama: zitenje zisanu ndi chimodzi, beseni, lezala latsopano, ulusi. Anangoti, "Amayi, ine ndikuopa. Mubweradi?" Ndinati ndikubwera, ndinalumbira ndithu. Nditadula ndinalira m'kachipinda kochapira, makina akuzungulira kuti bwana asamve.

Masana mopu kachiwiri. Kamchira kakutsogola.

Lachiwiri, 15 Seputembala

Ndayezetsa korona. Kamtengo m'mphuno mpaka ku ubongo, misozi mbwee. Ndilibe. Koma kalata yake imatha mphamvu m'masiku ochepa, ndege ikandisiya n'kukayezetsanso.

Kakhutu kabwereranso pa mpikisano. Munthu wina wandevu wa pa vidiyo wanena kuti Kamchira kamatha kukola chala, mfuti n'kulira yokha. Bwana sanadye nkhomaliro chifukwa cha nkhawa. Alembera anthu atatu osawadziwa kufunsa nzeru. Sabata yathunthu pa kachitsulo kochepa ngati chowengera zikhadabo!

Madzulo ndinabwera ndi fomu ndi cholembera. Atulukira ndi bandeji pa dzanja lamanja. Akuti mtsempha wakokeka chifukwa cha kompyuta, sangagwire cholembera mpaka sabata yamawa. Foloko ndiye amaigwira bwinobwino, ndinawaona ndi maso angawa.

Ndinatsika kukataya zinyalala. Grey, mlonda wa pageti, mwana wa ku Ntcheu, anaseka mpaka masiki kugwa. "Mayi, ine zaka zisanu yunifolomu, chida changa ndi kothimitsira moto ndi koyezera kutentha pachipumi. Inu mwandipitirira." Walonjeza kundikaperekera fomu ku ejensi, popeza bwana salola kuti ndikwere sitima ya Metro, akuti ndingabweretse matenda.

Lachitatu, 16 Seputembala

Ndawagwira! Ha!

M'mawa anabwera ndi mopu. Ndinakana kuigwira. Ndinawauza kuti bwana, sabata yonse mwakhala mukundiphunzitsa kuti mwamuna weniweni lamanja likavulala amamenya ndi lamanzere. Lamanja lavulala. Nkhondo ndi iyi, fomu ndi iyi.

Anayang'ana bandeji, anayang'ana ine. Makutu psuu. Pothawira panalibe. Anagwira cholembera ngati akugwira njoka, lilime kunja, n'kusaina ndi lamanzere. Siginecha yake ngati nkhuku yapalasa, koma ndi siginecha.

Ndinavina m'khitchini ndekhandekha. Sutikesi ndatseka. Timalaya ta mwana, bulangeti lofewa, mafuta odzola a Theresa. Ndamuimbira kuti Loweruka ndili pambali pake.

Lachinayi, 17 Seputembala

Fomu aikana.

Grey anafika ku ejensi cha m'ma 3, atatsika pa ntchito. Mayi wa pawindo anayerekeza ndi siginecha ya pa kontrakiti, n'kunena kuti iyi wasaina ndi wantchito yekha, ena anachitapo kale zotere. Bwana mwini wake abwere ndi chiphaso asanatseke 5 koloko. Grey anachonderera, akuti mpaka kugwira tebulo. Khalas, nkhani yatha.

Grey atandiimbira, ndinagogoda kwa bwana. Ali pa msonkhano wa pa kompyuta, pamwamba tayi, pansi kabudula. Anandikwezera chala chimodzi kuti ndidikire. Ndinaima pakhomopo kuyambira 3:40. Anatuluka 5:15.

Mawa Lachisanu, kuno maofesi satsegula. Ndege inyamuka mawa lomwelo.

Nzeru zanga zomwe zandipweteka. Ndikanangowakokera ku ejensi ndi bandeji yawoyo. Ndinafuna kuwina, ndiye ndawina.

Lamulungu, 20 Seputembala

Theresa anachira dzulo masana. Mwana wamkazi. Maola khumi ndi anayi, ndipo akuti ankaitana ine. Amene anamugwira dzanja Theresa ndi apongozi ake, ndipo ndi iwo anayamba kumunyamula mdzukulu wanga. Anditumizira mawu a mphindi zisanu ndi zinayi, kufotokoza zonse mpaka mtundu wa makatani. Ndamvetsera katatu. Mayi aja ndimawanyoza, koma analipo.

Theresa sanalankhule nane. Akuti watopa.

M'mawa bwana anandiperekeza ku ejensi pa galimoto, poti kuno Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Bandeji palibe, mtsempha wachira mozizwitsa. Anasaina ndi lamanja, fyuu, ngakhale kuphethira sindinaphethire. Pasipoti ili m'chikwama changa. Ndege ina yokhala ndi malo, pa 2 Okutobala. Kamtengo m'mphuno kachiwiri.

Lachiwiri, 22 Seputembala

Asankha. Sagula Kamchira, sagulanso Kakhutu. "Wanditsegula maso, Stellah. Lamanzere langa lilibe ntchito. Mfuti ikhale mmene ilili." Ananena akumwetulira, ngati akundipatsa mphatso. Kenaka anapempha khofi.

Ndinachotsa chitsekerero chija pa mopu n'kukolopa balaza yonse. Khofi ndinapanga. Sindinaike pa thireyi. Ndinaima chilili, lamanja ndinalibisa kumbuyo, n'kuwapatsa kapu ndi lamanzere lokha, ndikuwayang'ana m'maso. Amayi akanaona akanadzuka m'manda. Chibadwire sindinatukwanepo munthu chotere.

Analandira, n'kupsontha.

"Zikomo, Stellah. Lero yakoma kwambiri."